Galimoto Yofuna Kupuma

M'mwezi wa Epulo, pamene misika ya fodya imakhala itatsegulidwa ndipo fumbi layamba kubwerera m'misewu ya ku Tengwe, galimoto ya mayi wina wamasiye idayamba khalidwe lachilendo. M'mawa inkalira bwinobwino, n'kusenza mabelo, n'kutuluka pa komboni mwaulemu monga mwa masiku onse. Koma ikayenda kamtunda ndithu, makamaka ikafika pa chitunda, inkayamba kutsamwa, kugwedeza mutu ngati ng'ombe yokana goli, kenaka zii. Mayiwo ankatsika, n'kuzungulira matayala amene sadalakwe kanthu, n'kumasula pothirira petulo kuti apisemo kamtengo, n'kupeza petulo alimo wambiri. Akakhala pamthunzi kanthawi n'kuyesanso, galimoto inkalira ngati sidachitepo kalikonse.

Kwa amene sadafikeko, Tengwe ali m'boma la Hurungwe, m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, kufupi ndi tauni ya Karoi, imene ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kuchokera ku Harare pa msewu waukulu wopita ku Chirundu. Ndi dziko la fodya wowotchera m'mabani. Mapulazi a azungu a m'derali adakula ndi thukuta la anthu ochokera ku Nyasalande, ku Tete ndi kum'mawa kwa Zambia. Ena adabwera wapansi, ena pa malole a Ulere, ena kudzera ku Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito limene boma la Southern Rhodesia lidakhazikitsa mu 1946. Ambiri sadabwererenso kwawo, ndipo kumudzi adawatcha machona. Bambo a mayiwa adali mmodzi wa iwo. Adachoka ku Dedza ali mnyamata, adafera pa thirakitala ya Massey Ferguson ali nkhalamba, ndipo manda awo ali kuseri kwa mabani. Mapulazi atayamba kugawidwa mu 2000, ana a machona ochepa okha ndiwo adapezako malo. Ambiri adatsala m'makomboni, kumagwira ganyu kwa eni minda atsopano kapena kubwereka kachigawo koti alimepo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ochuluka adapezeka alibe dziko loti n'kulitcha lawo, kufikira malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adawatsegulira khomo. Choncho m'nyumba ya mayiwa pepala limene linkasungidwa mosamala kuposa ena onse, m'kati mwa Baibulo, lidali buku la galimoto.

Galimotoyo idali Mazda B1800 yotseguka kumbuyo, ya mtundu umene unkalumikizidwa ku Willowvale mu Harare. Malemu amuna awo, amene adali dalaivala wa papulazi, adaigula kwa bwana wawo itatopa kale, ndipo adaphunzitsa mkazi wawo kuiyendetsa chifukwa maso awo adali atayamba kuchita mdima. Kuyambira pamenepo idasenza nkhuni zowotchera fodya, feteleza, odwala, amayi apakati ndi mabokosi a maliro. Nyengo ya misika ndiyo inkabweretsa ndalama ya chaka chonse: mabelo awo ochepa, ndi a anansi amene ankalipira pa belo lililonse kuti awafikitsire ku Karoi. Fodya sadikira munthu. Akakhalitsa m'nyumba amauma n'kumafumbutuka, kapena amagwira chinyontho n'kuchita nkhungu, ndipo ngongole ya feteleza imene kampani idapereka imakhala ikuwerengedwa. Tsiku lina mabelo a anthu atatu adafika mochedwa, tsiku lawo litadutsa. Mmodzi mwa anansiwo sadakalipe, adangoti sabata yotsatira akafunsa wa lole. Mawu ofatsawo adawawa kuposa mwano.

Mwana wawo wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Harare, adabwera pa Loweruka. Ndi mnyamata wabwino, wokonda mayi wake, ndipo cholakwa chake chidali chokhacho chimene anyamata abwino ambiri ali nacho: akamva vuto amafulumira kulipatsa dzina. Adamvetsera mphindi ziwiri, adafufuza pa foni, n'kunena kuti ndi kabureta. Lolemba adapita nayo ku galaja ina ya m'tauni. Adalankhula ndiye, m'Chishona chosakaniza ndi Chingerezi, ndipo mayi wake, amene adayendetsa galimotoyo zaka zoposa khumi ndipo ankadziwa kulira kwake monga mayi adziwira chifuwa cha khanda, adaima chapatali atagwira chikwama. Makaniko sadawayang'ane. Adauzidwa kuti akonze kabureta, adakonza kabureta. Adailiza pabwalo, idalira bwino. Adazungulira nayo m'tauni, idayenda bwino. Ndalama idaperekedwa. Pobwerera, pa chitunda chomwe chija, zii.

Ulendo wachiwiri mnyamatayo adati ndiye kuti ndi pampu ya petulo. Adakagula ina ku Kaguvi Street mu Harare, kumene zipangizo za galimoto zimagulitsidwa m'masitolo ndi m'mphepete mwa msewu momwe, monga momwe a ku Blantyre amadziwira ku Ndirande. Pampu idaikidwa. Matenda adakhalabe. Pofika apa madola a ku America oposa 100 adali atapita, ndalama ya mabelo ambiri, ndipo m'nyumba mudayamba kumveka mawu oti amakaniko onse ndi akuba.

Mawu amenewo ndi osavuta kunena, ndipo nthawi zina amakhala oona. Koma pa mlandu uwu makaniko wa m'tauni sadabe kanthu. Adachita zimene adauzidwa, ndipo adazichita bwino. Cholakwa chake n'chakuti sadafunse, ndipo cholakwa cha mwini galimoto n'chakuti adabwera ndi chigamulo m'malo mobwera ndi umboni. Munthu akapita kuchipatala n'kunena kuti "ndipatseni mankhwala a malungo", dokotala wanzeru amayamba wamufunsa kuti thupi layamba liti kutentha. Ku galaja, mwina chifukwa wodwalayo ndi chitsulo, onse awiri amaiwala mwambo umenewu.

Ku Tengwe kuiwalako kuli ndi mbiri yake. M'nyumba zokonzera makina za m'mapulazi chinenero cha ntchito chidali Chilapalapa, mbale wake wa Fanakalo wa ku migodi. Chidali chinenero cha mawu ochepa, ndipo ambiri mwa iwo adali olamula: buya lapa, faka, khipa, aikona. Bwera kuno, ika, chotsa, ayi. Munthu adatha kumasula nacho injini yonse ya thirakitala, koma chidali chosauka pofotokoza chinthu chonga "imachita ngati ikufuna koma ikuzengereza". Bwana ankanena chimene chawonongeka, wogwira sipanala ankamasula. Wantchito akadziwa kuti bwana walakwitsa ankangokhala chete, n'kudzakonza chenichenicho bwanayo atapita ku chakudya chamasana. Mapulazi aja adatha, Chilapalapa chikufa pamodzi ndi nkhalamba zimene zinkachilankhula, koma kalankhulidwe kake kadatsala m'magalaja, ngakhale mawu ake tsopano ndi a Chishona kapena a Chichewa. Mwini galimoto amaganiza kuti akapanda kutchula dzina la chipangizo aoneka mbuli ndipo amudyera. Makaniko amaganiza kuti akafunsa mafunso ambiri aoneka wosadziwa ntchito. Aliyense amateteza ulemu wake, ndipo galimoto imatuluka monga idalowera.

Pa pulazi loyandikana nalo pankakhala mkulu wina amene adagwira ntchito m'nyumba ya makina kuyambira ali kamnyamata kotsuka zitsulo m'parafini. Makolo ake adachokera ku Ntcheu. Alibe galaja. Ali ndi mtengo wa mango, chitsa chokhalapo, ndi bokosi lachitsulo la masipanala amene ena mwa iwo ndi akale kuposa ufulu wa 1980. Anyamata amamuseka kuti sadziwa galimoto za masiku ano, za Honda Fit ndi zinzake zochokera ku Japan zimene zimafuna kompyuta, ndipo iye savutika kukana. Mayiwo amamutcha malume, pakuti adagwira ntchito ndi bambo awo ndipo adanyamula nawo bokosi lawo. Adazengereza kupitako chifukwa cha manyazi, poti adayamba apita m'tauni. Potsiriza adapita Lachinayi masana, mwana wawo atabwerera ku Harare, ali ndi mdzukulu wawo wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri, amene pa tchuthi amakwera nawo kuti azitsegula zipata.

Mkuluyo sadatsegule boneti. Adaitanitsa mpando, adafunsa za moyo, za fodya, za mnyamata wa ku Harare, ndipo atatha zonsezo adati:

"Tsono mwana wanga, ndiuzeni. Musanditchulire za m'kati mwake, zimenezo ndi zanga. Inu mundiuze zimene imachita."

"Amalume, akuti mwina ndi kabureta, mwina..."

"Amenewo ndi akuti. Ine ndikufunsa inu amene mumagwira chiwongolero. Ikamafa, imafa bwanji? Imangoti thi, ngati mwazimitsa nyali, kapena imayamba yadandaula?"

Mayiwo adaganiza. "Imayamba yadandaula. Imati vuu, vuu, kenaka bvu, bvu, bvu, ngati munthu wotsamwa ndi thobwa. Ndikaponda mafuta imachita ngati ikufuna, koma mphamvu palibe. Kenaka zii."

Mkuluyo adagwedeza mutu. Yankho limeneli lidali litachotsa kale theka la nkhalango. Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta, mpweya ndi moto wa m'mapulagi. Moto ukaduka, kawirikawiri injini imazima mwadzidzidzi. Mafuta akamachepa, imafooka pang'onopang'ono, kutsamwa, kuyesa, kulephera. Mayiwo sankadziwa zimenezi, ndipo sadafunikire kuzidziwa. Adangonena zimene khutu lawo lidamva, m'chinenero chimene chili ndi mawu ake a zimenezo.

Pano m'pofunika kuimapo pang'ono, chifukwa anthu ambiri amakhulupirira kuti Chichewa n'chosauka pa nkhani ya makina. N'zoona kuti mayina a zipangizo ndi obwereka: injini, giya, batire, mabuleki, sipanala. N'zoonanso kuti amasiyana malinga ndi malire. Wa ku Lilongwe amati galimoto, wa ku Chipata ndi ku Lusaka amati motoka, wa ku Tengwe amasakaniza ndi mota ya Chishona, ndipo wa ku Tete amawerenga oficina pa chikwangwani cha galaja. Koma mayinawo ndi katundu wa makaniko. Katundu wa mwini galimoto ndi mvekero, ndipo pamenepo Chichewa n'cholemera kuposa Chingerezi cha m'buku. Gwedegwede sali chimodzimodzi ndi gogogo. Gwedegwede ndi chinthu chomasuka chimene chikugwedera pa mabampu, gogogo ndi chitsulo chimene chikumenya chinzake motsatira kuzungulira kwa injini, ndipo chachiwirichi n'choti munthu aime pomwepo. Kwii wa poponda mabuleki ndi wina, tswii wa lamba wa injini m'mawa ndi wina. Pali tho, tho, tho wa madzi odontha, pali phuu wa nthunzi, pali khe, khe, khe wa batire yotopa imene ikulephera kutembenuza injini. Mwini galimoto amene akuchita manyazi kutulutsa mawu amenewa pakamwa pake pamaso pa makaniko, n'kusankha kunena dzina lachingerezi limene adalimva kwa mnzake, wasiya khasu lake lakuthwa n'kubwereka lobuntha.

Mafunso adapitirira, ndipo adali ang'onoang'ono. Imatero ikazizira kapena ikatentha? Ikasenza kapena ili yopanda kanthu? Pa chitunda pokha kapena ndi pa chigwa pomwe? Singano ya kutentha imakwera? Utsi umatuluka wotani, wakuda, wabuluu kapena woyera? Pakuti wakuda umanena za petulo wochuluka, wabuluu za oyilo amene akupsa, ndipo woyera wosatha ngakhale injini itatentha umanena za madzi amene alowa posayenera. Mayiwo adayankha kuti utsi sudasinthe, singano sikwera, ndipo vuto limakula ikasenza. Adaonjeza, ngati chinthu chosafunika, kuti masiku amene adzaza thanki, poopa kuti mwina petulo ndiye amachepa, imafa msanga kuposa masiku ena.

"Mukadzaza imafa msanga?"

"Eya, amalume. Mwina ndi kulemera kwake."

"Mwina. Nanga ikafa mumatani kuti idzuke?"

"Palibe. Imangofuna kupuma. Ikapuma imadzuka."

Mkuluyo adabwereza mawuwo pang'onopang'ono, ngati akuwalawa. Imafuna kupuma. M'Chichewa kupuma ndi kuleka ntchito kuti thupi libwerere m'malo, ndiponso kupuma ndi kukoka mpweya. Chishona chimawalekanitsa: kuzorora ndi kwina, kufema ndi kwina. Mnyamata uja pomasulira m'tauni adasankha loyambalo, ngati adalitchula n'komwe, ndipo sadalakwe, pakuti ndilo mayi wake ankatanthauza. Koma khutu limene lidakulira m'Chichewa limamva onse awiri nthawi imodzi, lifune lisafune.

"Ikamapumapo, inu mumachita chiyani? Ndiuzeni zonse, ngakhale zopanda pake."

"Ndimatsika, ndimayang'ana matayala, ndimaona petulo..."

"Mumamuona bwanji, poti singano ya petulo idafa bambo ake a mnyamata uja ali moyo?"

"Ndi kamtengo."

"Ndiye kuti mumatsegula."

Apa mdzukulu uja, amene nthawi yonseyi adakhala pa muzu wa mango akujambula pansi ndi chala, adalankhula osadzutsa mutu. "Imati fyuu."

Agogo ake adamuyang'ana ndi diso lomuletsa, koma mkuluyo adatembenuza chitsa chake. "Tanena, mdzukulu wanga. Chimati fyuu n'chiyani?"

"Agogo akamasula malegeni. Imati fyuu, ngati ikumeza mpweya."

"Malegeni a chiyani?"

Padakhala chete wautali. Mtsikanayo adayamba kulira.

Nkhani yake idali iyi. Masabata atatu m'mbuyomo adathira petulo wa m'chigubu kwa munthu wina wogulitsa m'mudzi, pakuti kopopera mafuta n'kutali. Mtsikanayo ndiye adapatsidwa chotsekera thanki kuti agwire. Adachiika pamwamba pa mabelo, adaiwala, ndipo chidagwera m'njira. Agogo ake, podziwa mkwiyo wa atsibweni a mwanayo pa zinthu zotayika, adati nkhaniyi ithere pomwepo. Adatenga pulasitiki yochindikala ya thumba la feteleza, adaipinda kanayi, adaikulunga pakamwa pa thanki n'kumanga ndi malegeni zolimba kwambiri kuti fumbi lisalowe ndi petulo asatayike. Popita m'tauni adakulungapo nsanza kuti pasaoneke. Sadaganizepo kuti chotsekera cha kumbuyo chingakhudzane ndi injini ya kutsogolo, ndipo palibe adawafunsa funso limene liyenera kukhala loyamba pa galaja iliyonse: chidasintha n'chiyani vutoli lisadayambe?

Mkuluyo adayamba watonthoza mwanayo. Adamuuza kuti iye adataya sipanala ya bwana m'munda wa fodya ali msinkhu womwewo, ndipo adaipeza patapita zaka ziwiri khasu la thirakitala litaifukula. Kenaka adayala thumba pansi, adalowa kunsi kwa galimoto ndi kawaya, ndipo patapita nthawi adatuluka ali ndi timibulu ta dothi louma m'dzanja. Kapaipi kopumira thanki kadali katatsekedwa ndi mavu aja omanga ndi dothi, mwina zaka zambiri zapitazo. Palibe adadziwa, chifukwa chotsekera chakale chidali chotha mphira ndipo chinkalowetsa mpweya m'mbali. Thanki inkapumira pa chilema chimenecho. Pulasitiki ndi malegeni, zomangidwa ndi manja osamala, zidatseka mphuno yotsalayo.

Adawafotokozera ndi botolo la pulasitiki la madzi. Adauza mtsikanayo kuti amwe atatseka pakamwa pa botolo ndi milomo yonse. Adamwa kawiri, katatu, botolo lidayamba kufinyika, madzi adaleka kubwera. "Tsegula milomo." Botolo lidati fyuu, n'kubwerera m'malo. Petulo akamatuluka m'thanki, mpweya uyenera kulowa kutenga malo ake. Ukapanda kulowa, pampu imakoka koma thanki imakokanso, ndipo pa chitunda, pamene injini yosenza ikufuna petulo wambiri, pampu imagonja. Thanki ikadzaza, malo a mpweya amakhala ochepa, choncho kukokanako kumafika msanga. M'tauni galimoto inkalira bwino chifukwa kulira pabwalo ndi kuzungulira misewu iwiri sikumwa petulo wokwanira kuonetsa matendawa. Ndipo chimene chinkaidzutsa m'njira sudali mthunzi uja. Kadali kamtengo, kapena kunena bwino, kumasula kumene kamtengoko kankafuna.

Zonsezi adazinena ndi mayiwo, akuwayang'ana, osati ndi mpweya wa pamwamba pa mutu wawo. Adawalowetsa mutu kunsi kuti aone kapaipiko ndi maso awo, adawapatsa timibulu tija kuti akaonetse mwana wawo. Makaniko amene amaonetsa chimene wachotsa amadzichotsera yekha dzina la wakuba, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha kuti chipangizo chakale abwerere nacho. Mayiwo adakumbuka kuti pampu yakale idatsala ku galaja ya m'tauni. Mkuluyo adati akaitenge, pakuti idalibe mlandu ndipo tsiku lina idzafunika.

Adafika pa nkhani ya mtengo, imene ku Zimbabwe ili ndi minga yakeyake. Anthu amene adaona ndalama ya pepala ya madola 100 thililiyoni mu 2009, n'kuona mabondi mu 2016, n'kuonanso ZiG mu 2024, adaphunzira kuti nambala payokha sinena kanthu. Makumi awiri a chiyani? A ku America kapena a kuno? A m'manja kapena a pa EcoCash? Mikangano yambiri ya pa galaja imabadwira pamenepa, ndiponso pa kusalekanitsa mtengo wa chipangizo ndi mtengo wa manja, kapena pa kusanena ngati chipangizocho n'chatsopano kapena chochotsedwa ku galimoto ina. Mwambo wa kumudzi umavutitsanso, chifukwa kufunsa mtengo kwa munthu amene umamutcha malume ntchito isadayambe kumaoneka ngati kumukayikira, ndipo iye kutchula mtengo kwa mwana wa mnzake kumaoneka ngati umbombo. Onse amangoti "tidzaona", ndipo chimene amadzaona ndi chidani. Mkuluyu adadula nkhaniyo yekha. Adati manja ake pa ntchito ya lero ndi madola 5 a ku America, chotsekera akagule okha ku Karoi ndipo anene kuti n'cha B1800, ndipo kusefa ya petulo kuli dzimbiri lochokera m'thanki, imene idzafuna kutsukidwa misika ikatha, pa mtengo wina umene adzakambirane tsiku lake lisadafike. Adaonjeza kuti petulo wa masiku ano ndi wosakaniza ndi mowa wa nzimbe wa ku Chisumbanje ndi ku Triangle, umene umakoka chinyontho, ndipo thanki yachitsulo yakale siukonda, makamaka akagona m'zigubu. Adanenanso poyera chimene sakadatha kulonjeza: kuti galimoto ya msinkhu umenewo ingakhale ndi matenda awiri nthawi imodzi, ndipo ikadzafanso asadzati wanama, adzabwere adzanene mmene yafera.

Kenaka adakwera nawo. Adati mayiwo ayendetse okha, monga amayendetsera masiku onse, iye akhale pambali. Adasenza matumba a mchenga ndi anyamata anayi a pa komboni kuti ilemere, adamanga kansalu kopyapyala pakamwa pa thanki, ndipo adalunjika ku chitunda chija. Galimoto idakwera ikung'ung'udza monga mwa ukalamba wake, idafika pamwamba, idatsetsereka, idatembenuka, idakweranso. Anyamata kumbuyo adakuwa. Mkuluyo sadakuwe nawo. Adapendeketsa mutu ngati nkhuku yomvera chiwombankhanga, n'kufunsa kuti kagogogo kakang'ono ka kumanzereko kadayamba liti. Mayiwo adati kadayamba mvula isadathe, kamamveka pokhota, ndipo sadakauze munthu chifukwa palibe adafunsa.

Madzulo adaimbira foni mwana wawo. Mnyamatayo adakhala chete nthawi yaitali atamva za chotsekera, ndipo mtsikana uja adabisala kuseri kwa chitseko. Pamene adalankhula, adafunsa kuti bwanji sadamuuze. Mayi wake adayankha kuti iye adafika ndi yankho m'thumba, ndipo munthu wobwera ndi yankho savuta kumubisira. Adaseka pang'ono, mwamanyazi, n'kunena kuti safunsa adadya phula, ndipo phula lake lamudyera madola 100. Adapempha kuti amujambulire pa WhatsApp kagogogo kaja galimoto ikamakhota, kuti akamvetse mnzake wina. Mayi wake adati amujambulira, koma akamvetse, asakalamule.

Mabelo a mnansi uja adapita ku Karoi Lolemba lotsatira, pa galimoto yomweyo, wa lole asadafunsidwe. Chotsekera chatsopano chidamangiriridwa ku bodi ndi kawaya, ndipo amene adapota kawayako ndi mtsikana uja.

Mbiri idawanda m'makomboni kuti mkulu wa pa mango adachiritsa galimoto ndi kawaya, amakaniko a m'tauni atalephera kawiri. Sabata isadathe padafika bambo wina ndi Nissan yake yakale ikukokedwa ndi ng'ombe ziwiri. Asadapereke ndi moni womwe adati: "Amisiri, thanki yanga yaleka kupuma. Tabooleni kapaipi kaja, ndili pa changu."

Mkuluyo adayang'ana ng'ombezo, adayang'ana oyilo wakuda amene ankadontha kunsi kwa injini, tho, tho, tho, n'kuitana mwana kuti abweretse mpando.

"Khalani pansi, achimwene. Kunyumba adzuka bwanji?"